Malo ndi 11 okha: tiisanje bwanji timu ya South Africa ya World Cup ya kiriketi ya 2027?

Mpikisano wa World Cup wa kiriketi ya maova 50 (ova imodzi ndi kuponya mpira kasanu n'kamodzi) ukubwera pafupi ndi kwathu. Mu Okutobala ndi Novembala 2027 masewerowa adzachitikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, ndipo matimu adzakhalapo 14. Kwa ife a ku Mangochi nkhaniyi si yakutali. Kuyambira ku M'baluku mpaka ku Namwera ndi ku Makanjira, mabanja ambiri ali ndi mwana, mlamu kapena malume ku Joni, ndipo basi yopita kumeneko imadutsa mu Harare, likulu la dziko lina lomwe lidzalandire nawo alendo. Wotchi yathu ndi ya kumeneko zimayendera limodzi, choncho sipadzakhala zodzuka usiku ngati mu 2015 pomwe mpikisanowu unali ku Australia ndi New Zealand. Timu yathu ya Malawi siinafike pa mlingo wa masewero a tsiku limodzi ovomerezeka, omwe ndi a maova 50 amenewa. Ife tili ku T20, kiriketi ya maova 20, komwe tinayamba mu Novembala 2019 polimbana ndi Mozambique. N'chifukwa chake tikakhala pa kanema ambiri mitima yathu imapita kwa ma Proteas, timu ya South Africa, ena kwa Zimbabwe.

Tikamakangana za timuyi, kaya pa khonde la sitolo kaya pa WhatsApp, timathamangira mayina. "Achimwene, Brevis ameneyo musamusiye." "Ayi akulu, masewero akavuta amene amaima ndi Miller." Mayina amakoma kutchula, koma ine ndikuti tiyambe ndi masamu, chifukwa masamuwo ndi amene amasowetsa tulo osankha timu.

Maova ndi 50. Woponya mmodzi saloledwa kupitirira maova 10. Ndiye kuti pafunika anthu osachepera 5 oponya mpira. Pafunikanso wiketikipa mmodzi, wogwira mpira kumbuyo kwa womenya. Ngati anthu 5 aja ntchito yawo ndi kuponya basi, omenya atsala 6, wiketikipa ali momwemo. Ngati mukufuna womenya wa nambala 7, mwachotsa woponya mmodzi, ndipo maova ake 10 wina ayenera kuwasenza. Mkangano wonse wagona pa nambala 7 ndi nambala 8 pa mndandanda wa omenya. Amene wakonza malo awiriwa wakonza timu.

Palinso malamulo awiri amene amasintha maganizo a wosankha. Loyamba ndi la otchinga: m'maova 10 oyamba anthu 2 okha ndiwo amaloledwa kunja kwa mzere wozungulira wamkati, kuyambira ova ya 11 mpaka ya 40 amaloledwa 4, ndipo m'maova 10 otsiriza amaloledwa 5. Maova 30 apakatiwo, okhala ndi otchinga 4 okha kunja, ndi amene amavula woponya wongogwirizira. Lachiwiri ndi la mpira. Kuyambira 2011 ankagwiritsa ntchito mipira iwiri yatsopano, wina mbali ino wina mbali inayo, mpaka masewero kutha. Kuyambira mu Julayi 2025 mipira iwiriyo imafika pa ova ya 34, kenako timu yotchinga imasankhapo umodzi woti umalize. Mpira umenewo umakalamba, umafewa, ndipo woponya waluso amatha kuukhotetsa mumlengalenga kumapeto. Lamuloli lawonjezera mtengo wa woponya weniweni.

Omenya 7, oponya 4, otsalawo n'kugawana

Njira iyi South Africa inaiyesa mu 2015. Amla, De Kock, Du Plessis, Rossouw, De Villiers, Miller ndi Duminy anali omenya, ndipo oponya mu semifainolo anali Steyn, Morkel, Philander ndi Imran Tahir. Maova a woponya wachisanu ankagawana JP Duminy ndi kaputeni AB de Villiers mwini wake. Ubwino wake ndi woonekeratu. Omenya a kutsogolo amamenya momasuka podziwa kuti kumbuyo kuli anthu. Mawiketi atatu akagwa msanga, kutanthauza omenya atatu akatulutsidwa, masewero sanathe. Ndipo tsiku lina wogwirizira uja amachita zodabwitsa: Duminy anatulutsa anthu atatu motsatizana pa masewero a kotafainolo ndi Sri Lanka ku Sydney, tsiku limene South Africa inapambana koyamba masewero a ndime ya chipulula mu World Cup.

Koma patangopita masiku ochepa, pa 24 Malichi 2015 ku Auckland, mvula itadula masewero kufika pa maova 43, New Zealand inafunika marani 298 ndipo inawapeza, Grant Elliott atamenya sikisi pa mpira wa Steyn kutatsala mpira umodzi. Zifukwa zogonjera tsiku limenelo zinali zingapo, kuphatikizapo mipata imene otchinga anataya. Komabe De Villiers analibe kothawira. Brendon McCullum atawakwapula oponya a liwiro kumayambiriro, panalibe woponya wachisanu weniweni woti abweretse mantha. Vuto la njirayi ndi limenelo: imafuna kuti oponya onse 4 akhale pa tsiku lawo labwino nthawi imodzi. Mmodzi akamenyedwa kapena akakoka mnofu pa ova yake yachitatu, kaputeni amayamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna woti amupatse mpira.

England inagwa m'mbuna yomweyi mu Seputembala 2025 ku Lord's, ikusewera ndi South Africa yomweyo. Maova 10 a woponya wachisanu anagawana Jacob Bethell ndi Will Jacks, ndipo anapereka marani opitirira 100. England inagonja ndi marani 5 okha. Womenya wowonjezera uja sanabweze zimene oponya ogwirizira anataya.

Pa mabwalo a ku Johannesburg ndi Centurion njirayi ndi yoopsa kwambiri. Bwalo la Wanderers lili pamtunda wa mamita opitirira 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka patali. Mpamene pa 12 Malichi 2006 Australia inamenya 434 ndipo South Africa inayankha ndi 438. Mpamene De Villiers anafika pa marani 100 ndi mipira 31 yokha mu 2015. Woponya wongogwirizira pa bwalo lotere amangoperekeza mpira ku mipando ya oonerera.

Oponya 5 enieni, omenya 6

Chitsanzo chabwino cha njira iyi ndi India ya 2023. Hardik Pandya atavulala pa masewero ndi Bangladesh ku Pune, India inasiya kufunafuna munthu wochita zonse, n'kulowetsa Mohammed Shami. Oponya anakhala Bumrah, Siraj, Shami, Kuldeep Yadav ndi Jadeja. Shami anagwetsa mawiketi 24 m'masewero 7 okha. India inapambana masewero 10 motsatizana, ndipo South Africa yomwe inatha ndi marani 83 okha ku Kolkata.

Ine njira imeneyi ndimaikonda, ndipo ndinene chifukwa chake. Mu kiriketi ya maova 50 masiku ano simungaletse marani pongotchinga. Omenya ndi amphamvu, zomenyera ndi zokhuthala, otchinga kunja ndi ochepa. Chimene chimaletsa marani ndi kutulutsa anthu. Womenya watsopano amafuna mipira ingapo kuti maso azolowere, ndipo mipira imeneyo ndi mpumulo wa timu yotchinga. Oponya 5 amene aliyense angathe kutulutsa womenya wokhazikika amachititsa kuti adani asapeze ova yopumira.

Koma mtengo wake unaoneka pa fainolo ya pa 19 Novembala 2023 ku Ahmedabad. India itataya mawiketi atatu msanga, Virat Kohli ndi KL Rahul anayamba kusewera mwamantha, chifukwa ankadziwa kuti kuyambira nambala 8 kunalibenso womenya. Rahul anadya mipira 107 kuti apeze marani 66. India inathera pa 240, ndipo Travis Head anamenya 137 n'kupatsa Australia chikho. Mchira wautali, mzere wa oponya osadziwa kumenya kumapeto kwa mndandanda, suoneka pa nthawi imene oponya akumenya okha ayi. Umayamba kuluma kale, m'mutu mwa womenya wa nambala 4 amene akuopa kuyesa sikisi.

South Africa ya 2023 inalinso pafupi ndi njira imeneyi. Omenya anali 6, Marco Jansen pa nambala 7, kenako oponya. Ikayamba kumenya inkaopsa dziko lonse: 428 pa Sri Lanka ku Delhi, De Kock n'kufika pa marani 100 kanayi mumpikisano umodzi. Koma ikamathamangitsa marani miyendo inkanjenjemera. Inagonja kwa Netherlands ku Dharamsala. Inapulumuka ndi wiketi imodzi yokha kwa Pakistan ku Chennai, Keshav Maharaj ndiye anamenya marani omaliza. Mu semifainolo ku Kolkata inapezeka pa marani 24 anthu 4 atatuluka kale, ndipo ngakhale David Miller anamenya 101, timu inathera pa 212. Oponya 5 aja pamodzi ndi Markram analimbana mpaka Australia inataya mawiketi 7, koma marani anachepa. Pakanakhala marani ena 30 ochokera kwa nambala 7 ndi 8, nkhani ikanatha kukhala ina.

Kudzaza timu ndi anthu a mbali ziwiri

Apa mpamene anthu ambiri amathawira, ndipo mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa njirayi ili ndi nkhope ziwiri.

Nkhope yabwino ndi South Africa ya 1999. Jacques Kallis ankatha kulowa timu iliyonse ngati womenya yekha, komanso ankaponya mwaliwiro. Shaun Pollock ankatha kulowa ngati woponya yekha, komanso ankamenya. Lance Klusener anamenya marani 281 ndi kugwetsa mawiketi 17, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mumpikisanowo. Anthu amakumbukira za kuthamanga kosokonekera kwa Klusener ndi Allan Donald ku Edgbaston mu semifainolo ndi Australia, matimu onse awiri atafanana pa 213. Koma amaiwala kuti timu ina iliyonse ikanakhala itagonja kalekale. Chimene chinawafikitsa pa ova yomaliza ndi kuzama kwa omenya awo. England ya 2019 inalinso chimodzimodzi: Ben Stokes pakati, Chris Woakes ndi Liam Plunkett kumunsi, onse otha kugwira chomenyera. India ya 2011 inadalira Yuvraj Singh, marani 362 ndi mawiketi 15.

Nkhope yoipa ndi pamene osankha atenga munthu amene sangalowe timu ngati womenya, sangalowenso ngati woponya, koma amulowetsa poti amadziwako pang'ono zonse ziwiri. Ife a kunyanja timazidziwa izi. Pa chilimira pamafunika siginala weniweni wodziwa kuitana usipa ndi nyali, pamafunikanso alovi amphamvu okoka khoka. Mwini zipangizo akadzaza boti ndi anthu odziwako pang'ono za nyali ndi pang'ono za kukoka, amabwerako m'mawa mafuta atapita, nsomba palibe. Wosewera womenya marani 18 ndi kuponya maova 5 opanda wiketi amaoneka wothandiza papepala, koma sasintha masewero.

Muyeso wanga ndi uwu. Musanamutche munthu wa mbali ziwiri, funsani kuti: kodi kaputeni angamupatse maova onse 10 popanda kudandaula? Ngati yankho ndi ayi, funsaninso: kodi angamenye pa nambala 6 kapena kutsogolo kwake? Mayankho onse awiri akakhala ayi, malo amenewo apatseni katswiri wa mbali imodzi.

Kodi South Africa ya lero ili nawo anthu opambana muyesowu? Jansen amapambana. Ndi wamtali kupitirira mamita 2, amaponya ndi dzanja lamanzere, amatsegula ndi mpira watsopano, ndipo mu 2023 anagwetsa mawiketi 17. Vuto lake ndi lakuti tsiku likamuipira limamuipiradi, monga pa masewero aja ndi India pomwe anapereka marani 94. Corbin Bosch naye akuoneka kuti akupambana: ali ndi liwiro, amatha kuponya maova otsiriza, ndipo kumenya amadziwa. Masewero a ku Ranchi pa 30 Novembala 2025 ndi umboni wabwino. India inamenya 349, South Africa inataya anthu atatu pa marani 11 okha, koma Jansen anamenya 70 pa mipira 39, Bosch anamenya 67, ndipo timu inafika pa 332. Inagonja ndithu, koma timu ya mchira wautali sikanafika n'komwe pafupi. Wiaan Mulder ndi womenya wabwino, anamenya 367 osatuluka pa masewero a Test, a masiku angapo, ku Bulawayo mu Julayi 2025, koma pa maova 50 kuponya kwake kulibe ukali woti kaputeni amudalire maova 10 pa pichi (kanjira ka pakati pa bwalo koponyerapo mpira) yosalala. Kwa ine iye amalimbirana malo ndi omenya, osati ndi Jansen kapena Bosch.

Anzathu otsatira Zimbabwe ali ndi chitsanzo chawo mwa Sikandar Raza, amene kwa zaka zambiri wakhala akumenya pakati ndi kuponya maova ake onse. Pofika nthawi ya mpikisanowu adzakhala ndi zaka 41. Zimbabwe inaphonya World Cup ya 2019 ndi ya 2023, ulendo uno ilowa ngati eni bwalo, ndipo funso lalikulu kwa iwo ndi lakuti ndani angasenze katundu wa Raza ngati thupi litamukana.

Liwiro kapena sipini

Anthu amene anaonera India ikutenga Champions Trophy mu Malichi 2025 ku Dubai ndi masipina 4, oponya mpira mozungulitsa osati mwaliwiro, angaganize kuti imeneyo ndiyo njira ya masiku ano. Kumeneko pichi inali yochedwa ndi yogwira mpira. Ku South Africa mu Okutobala ndi Novembala nyengo ya kiriketi imakhala itangoyamba kumene, mapichi akadali atsopano. Ku Wanderers ndi ku Centurion mpira umadumpha ndi kuthamanga. Ku Durban ndi ku Cape Town, magetsi akayaka madzulo, mpira umakhota. Amene anaonera World Cup ya 2003 akukumbukira Ashish Nehra akugwetsa mawiketi 6 pa marani 23 ku Durban polimbana ndi England, ndi James Anderson akusokoneza Pakistan ku Newlands. Koma ku Paarl, ku Gqeberha ndi ku East London pichi imakhala yochedwerapo, ndipo sipina amapeza chakudya.

Ndiye timu yokhazikika ikhale ndi oponya a liwiro 4 ndi sipina mmodzi weniweni, wachiwiri adikire panja. Australia inatenga chikho mu 2023 ku India komwe ndi sipina mmodzi yekha wodalirika, Adam Zampa, amene anagwetsa mawiketi 23, akuthandizidwa ndi Glenn Maxwell. Kwa South Africa munthu ameneyo ndi Maharaj. Sapereka marani mwachisawawa, ndipo mu Ogasiti 2025 ku Cairns anagwetsa mawiketi 5 pa marani 33 polimbana ndi Australia. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kusowa kwa sipina wa pamkono, wozungulitsa mpira mbali zonse ziwiri, monga anachitira Imran Tahir amene anatulutsa Jonny Bairstow pa mpira wachiwiri wa World Cup ya 2019. M'maova apakati aja munthu wotereyu ndi amene amathyola ubale wa omenya awiri okhazikika. Ngati angapezeke wachinyamata wotere, osankha amupatse masewero ambiri chikho chisanafike, osati kudzamutulukira mwezi womaliza.

Akuluakulu kapena anyamata

Pofika Okutobala 2027 Miller adzakhala ndi zaka 38, Temba Bavuma ndi Maharaj 37, De Kock 34. Heinrich Klaasen, amene anamenya 174 pa mipira 83 ku Centurion mu 2023, anapuma pa masewero a dziko mu Juni 2025. De Kock anali atasiya masewero a maova 50 itatha World Cup ya 2023, koma anabwerera mu 2025. Mbali inayi kuli Dewald Brevis amene adzakhale ndi zaka 24, Tristan Stubbs, Ryan Rickelton, Tony de Zorzi ndi Matthew Breetzke, amene pa masewero ake oyamba enieni ku Lahore mu Febuluwale 2025 anamenya 150, kuposa wina aliyense amene anayambapo kiriketi ya tsiku limodzi.

England ya 2023 ndi chenjezo kwa okonda akuluakulu. Inapita ku India ndi ambiri mwa anthu omwe anatenga chikho mu 2019, zaka zinayi zitawonjezekera pa miyendo yawo, ndipo inathera pa nambala 7. Koma England yomweyo mu 2019 inalimba mtima kulowetsa Jofra Archer kutatsala milungu yochepa, n'kusiya David Willey amene anali atatumikira zaka zinayi, ndipo Archer ndiye anaponya ova yothetsa mkangano pa fainolo. Kumbali ina, Miller ndi amene anamenya marani 100 m'masemifainolo awiri otsatizana, ku Kolkata mu 2023 ndi ku Lahore pa Champions Trophy mu 2025. Munthu wotere simumutaya chifukwa cha chaka chobadwa. Mumamuyang'ana miyendo: kodi akuthamangabe marani awiri, kodi akutchingabe bwino kumalire?

Nkhani ya Bavuma ndi imene imatenthetsa mitu. Mu 2023 anapeza marani 145 okha mumpikisano wonse, ndipo semifainolo anasewera mnofu wa ntchafu usanapole bwino, n'kutuluka osapeza rani. Anthu anamunyoza kwambiri. Munthu yemweyo mu Juni 2025 anatsogolera timu kukagonjetsa Australia ku Lord's pa fainolo ya World Test Championship, akumenya motsimphina pambali pa Aiden Markram amene anapeza 136. Ine ndimamusunga, pa nambala 3, chifukwa timu yodzaza ndi omenya aukali imafuna mmodzi wokhala nthawi yaitali, komanso anyamata amamumvera. Koma lamulo likhale limodzi kwa onse, kaputeni yemwe: amene thupi silili bwino pa tsiku la semifainolo akhale panja. Phunziro limeneli South Africa inalilipira kale mu 2015, pomwe Philander, amene ankavutika ndi mnofu mumpikisanowo, analowa m'malo mwa Kyle Abbott amene ankaponya bwino kwambiri.

Kusankha kumeneko kunadzutsa mkangano wa mtundu wa anthu, ndipo sitingakambe za timu ya South Africa n'kuilambalala nkhaniyi. Bungwe la Cricket South Africa lili ndi cholinga choti pa chaka chonse timu izikhala ndi osewera 6 osakhala azungu, 2 mwa iwo akhale akuda. Chiwerengerochi amachiyeza pa masewero a chaka chonse, osati pa tsiku limodzi. Kwa ife amene abale athu amakhala m'makomboni a ku Joni, chifukwa chake n'chomveka: kwa zaka zambiri mwana wakuda sankaloledwa n'komwe kulota za timuyi, ndipo Makhaya Ntini anatsegula chitseko mu 1998 mokha muno. Kagiso Rabada, Lungi Ngidi, Bavuma ndi Maharaj salowa mwachifundo, amalowa ndi ntchito zawo. Chofunika n'chakuti anyamata ngati Kwena Maphaka ndi De Zorzi apatsidwe masewero okwanira panopa, kuti tsiku lalikulu likadzafika pasadzakhale wolowetsedwa mokakamiza kapena wosiyidwa mokayikitsa.

Timu imene ndingaisankhe

Pa njira zitatu zija ndikutenga yachiwiri, koma yokonzedwa ndi yachitatu. Oponya akhale 5 enieni, awiri mwa iwo akhale oti amamenyadi, ndipo pakati pa omenya 6 pakhale mmodzi woponya sipini yothandizira. Njira yoyamba ndikuikana pa mabwalo a kumtunda. Kudzaza timu ndi odziwako pang'ono ndikukukananso.

Otsegula akhale De Kock, amenenso agwire kumbuyo, ndi Markram. Markram anamenya 110 ku Raipur mu Disembala 2025 pomwe South Africa inathamangitsa marani 359 n'kuwapeza, ndipo sipini yake si yamasewera: ndiye anatulutsa David Warner pa mpira wake woyamba mu semifainolo ya 2023. Bavuma pa 3, Breetzke pa 4, Brevis pa 5, Miller pa 6. Jansen pa 7, Bosch pa 8, kenako Maharaj, Rabada ndi Ngidi. Maharaj ndi Rabada amatha kugwira chomenyera kwa maova angapo, choncho mchira weniweni ndi munthu mmodzi yekha.

Chofooka cha timuyi ndikuchiona. Jansen pa 7 akadali pamwamba pang'ono kuposa pomwe ndikanafuna, ndipo tsiku limene mpira ukukhota ku Durban, anthu 4 n'kutuluka msanga, tidzalakalaka womenya wina. Ndikulolera zimenezo chifukwa mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Mu Ogasiti 2025 ku Mackay, Rabada ndi Jansen kulibe, Australia inamenya 431 itataya mawiketi 2 okha. Patangotha milungu iwiri England inamenya 414 ku Southampton n'kupambana ndi marani 342. Palibe womenya wa nambala 7 amene angabweze marani otere.

Gulu lonse limakhala la anthu 15, ndiye patsala malo 4. Rickelton alowe ngati wiketikipa wachiwiri komanso wotsegula. Pa womenya wapakati mpikisano uli pakati pa Stubbs ndi De Zorzi, ndipo amene alowe akhale wokonzeka kutenga malo a Miller kapena a Bavuma popanda timu kugwedezeka. Woponya wa liwiro wowonjezera akhale wa dzanja lamanzere, Nandre Burger kapena Maphaka, chifukwa mpikisano wa milungu yambiri sulephera kuvulaza woponya mmodzi. Malo otsiriza ndi a sipina wachiwiri. Senuran Muthusamy amamenya bwino ndipo angalowe m'malo mwa Bosch ku Paarl kapena ku Gqeberha popanda kutalikitsa mchira, koma amaponya mofanana ndi Maharaj, dzanja lamanzere ndi zala. Sipina wa pamkono akapezeka amene waonetsa kuti amatulutsa anthu pa maova 50, malowo ndimupatsa iyeyo, ndipo pa mabwalo ochedwawo amene akhale panja ndi Ngidi, kuti Jansen ndi Bosch atsalebe pa 7 ndi 8.